Agogo Aphwasula Buku

Kaliwiro anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Kuyenda sankakudziwa. Ankangothamanga. Akamutuma madzi, ankathamanga. Akamutuma mchere, ankathamanga. Theka la mcherewo linkathera m'njira. N'chifukwa chake aliyense ankamutchula kuti Kaliwiro.

Kaliwiro ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Agogo asachoke pakhomo.

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri. M'chipinda chimodzi ankagona Kaliwiro ndi Amayi. M'chipinda chinacho ankagona Agogo, bambo awo a Amayi. Momwemo munalinso tebulo. Momwemo munalinso mulu wa zovala za anthu. Amayi ankachapa zovala za anthu. Akachapa ankasita. Akasita ankakapereka kwa eni ake. Manja awo anali atang'ambika ndi sopo.

Agogo anali okalamba. Tsitsi lawo linali mbuu. Ankayenda pang'onopang'ono. Ndipo anali atayamba kuiwala. Ankafunafuna chipewa, chipewacho chili kumutu. Ankaiwala kuti amwa kale tiyi. Ndiye ankamwa kawiri. Apa pokha Kaliwiro ankakayikira ngati Agogo aiwaladi.

Koma ntchito yokha sanaiiwale. Kale Agogo anali osoka mabuku. Anasoka mabuku zaka zambirimbiri. Nyumba imene ankagwiramo ntchito inatsekedwa kalekale. Tsopano munkagulitsidwa matayala. Agogo sankakumbukira zimenezo.

M'mawa uliwonse ankavala jekete. Ankavala chipewa. Ankatsegula geti. Ankati achedwa ku ntchito. Kaliwiro ankawathamangira n'kuwabweza. Koma Kaliwiro akapita kusukulu, panalibe wowathamangira.

Tsiku lina Agogo anadzicheka chala ndi mpeni. Amayi anatolera zinthu zonse zakuthwa. Anatolera mipeni, sizasi ndi singano. Anaziika m'chitini. Chitinicho anachiika pamwamba pa kabati.

Tsiku linanso Amayi anapita kukapereka zovala. Pobwera anapeza geti lili pululu. Agogo anali atafika mpaka kumsewu waukulu. Galimoto zinkangowalizira mahutala. Wogulitsa matayala ndi amene anawagwira dzanja n'kubwera nawo kunyumba. Amayi anathokoza kwambiri. Kenako analowa m'chipinda n'kulira.

Madzulo ake Amayi anaimbira foni Amalume, achimwene awo. Amalume ankakhala kutali. Ulendo wake unali wa tsiku lonse pa basi. Nyumba yawo inali ndi mpanda wautali. Geti lake linali lokiya. Amalume anati abwera Loweruka kudzatenga Agogo.

Kaliwiro anamva zonse. Anafunsa ngati kumeneko kuli wina wowasakira chipewa. Amayi anamukoka n'kumukhazika pamiyendo.

"Inenso sindikufuna kuti apite, mwanangu," anatero Amayi. "Koma ndikuopa galimoto. Maso anga ndi awiri okha."

Kaliwiro anayang'ana pansi. Mtima unamuwawa kwambiri.

Lachitatu linali tsiku lobwereka mabuku kusukulu. Mabukuwo anali ochepa. Ankakhala m'kabati imodzi. Kaliwiro anathamanga n'kukhala woyamba pamzere. Anasankha buku limene ana onse ankalikonda. Linali la banja lina lokhala m'basi yakale. Bukulo linali litatopa. Chikuto chake chinkalendewera. Tsamba lachisanu ndi chinayi linkangogwa.

Aphunzitsi anamuuza kuti alisamale. Anati alibweze Lachisanu, lili lathunthu. Kaliwiro analonjeza. Ankafuna kuwawerengera Agogo asanapite.

Atafika kunyumba anakhala pafupi ndi Agogo. Anawerenga tsamba loyamba. Anawerenga tsamba lachiwiri. Koma Agogo sankamvetsera. Anatenga bukulo. Analitembenuza uku ndi uku. Analinunkhiza. Anasisita kumsana kwake ndi chala. Kenako anapukusa mutu ngati aona mwana wosasamba.

Nthawi yomweyo Amayi anaitana. Sopo anali atatha. Kaliwiro anasiya buku patebulo. Anathamanga kugolosale. Anathamanga pobwera. Sanachedwe n'komwe.

Koma atalowa m'chipinda anaima chilili.

Buku lija silinalinso buku. Chikuto chinali apa. Masamba anali apo. Agogo anali ndi supuni m'manja. Ankachotsa ulusi ndi chogwirira cha supuniyo.

"Agogo, mwandiwonongera buku!" anatero Kaliwiro. Misozi inayamba kutsika yokha.

Amayi anabwera, manja ali thovu lokhalokha. Anayang'ana patebulo. Anapuma mpweya waukulu. Anati madzi akatayika saoleka. Anati mawa akapepesa okha kwa Aphunzitsi. Kenako anachotsa supuni m'manja mwa Agogo. Anawatulutsa panja kuti akapitidwe mphepo. Anauza Kaliwiro kuti atolere masamba onse n'kuwaika m'thumba.

Kaliwiro anali atakwiya. Anakwiya mpaka makutu kutentha. Mumtima anati mwina Agogo angopitadi. Atangoganiza choncho, anachita manyazi. Analiranso kwambiri kuposa poyamba.

Anatambasula dzanja kuti akokolole masamba aja. Koma dzanjalo linaima m'malere.

Masambawo sanali mbwee ayi. Anali m'timilu tinayi. Kamulu kalikonse kanali kopinda pakati. Kaliwiro anapukuta misozi. Anakhala pampando. Anayamba kuyang'ana manambala. Tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu. Onse anali m'ndondomeko. Tsamba lachisanu ndi chinayi linali pamalo pake. Panalibe tsamba long'ambika, ngakhale limodzi. Tizidutswa ta ulusi wakale tinali pamodzi m'kambale.

Kaliwiro anakhala phee. Sanakhalepo phee chonchi chibadwire. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako anatuluka panja. Ulendo uno sanathamange. Anapeza Agogo akupisa m'matumba a jekete. Ankapisa thumba ili. Ankapisa thumba ilo. Nkhope yawo inali yodandaula.

"Mukufuna chiyani, Agogo?" anafunsa Kaliwiro.

"Singano yanga," anayankha Agogo. "Wina wanditengera singano. Nanga ndisoka ndi chiyani?"

Kaliwiro anafunsa chifukwa chimene aphwasulira bukulo. Agogo anamuyang'ana modabwa. Anaona ngati wafunsa chifukwa chake madzi amanyowetsa.

"Buku lodwala umayamba waliphwasula," anatero Agogo. "Ukasoka pamwamba pa ulusi wowola, mawa ligwanso."

Apa Kaliwiro anathamanga. Anapeza Amayi akutsukuluza malaya. Anapempha singano. Amayi anakana. Anamukumbutsa za chala chija. Kaliwiro anapemphanso. Amayi anakananso. Ndiye Kaliwiro anawagwira dzanja lonyowalo n'kuwakokera kutebulo.

"Musagwire, Amayi. Ingoyang'anani."

Amayi anayang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana timilu tinayi tija. Anayang'ana ulusi m'kambale. Kenako anagwira pakamwa. Anati ali mwana ankakaperekera Agogo chakudya ku ntchito. Kumeneko kunali tebulo lalitali. Patebulopo pankakhala timilu ngati timeneti. Zonsezi anali ataziiwala.

"Kani woiwala m'nyumba muno si mmodzi," anatero Amayi.

Anakwera pampando. Anatsitsa chitini chija. Anatulutsa singano imodzi ndi ulusi woyera. Anati alola, koma iwo akhala pomwepo. Anapita panja n'kukaitana Agogo.

"Bambo, pepani. Singano yanu nayi."

Agogo sanafunse kumene inali. Anangokhala pansi n'kupinda manja a jekete.

Vuto loyamba linali diso la singano. Agogo sankaliona. Anapereka singano kwa Kaliwiro. Kaliwiro anayesa mwachangu. Ulusi unadutsa pambali. Anayesanso mwachangu. Ulusi unapindika. Kachitatu anagwira mpweya. Anayesa pang'onopang'ono. Ulusi unalowa.

Agogo anapempha kandulo. Sanaiyatse ayi. Anakhuza ulusi pakandulo katatu. Anati ulusi wotere suduka msanga. Kenako anatenga kamulu koyamba. Anakatsegula pakati. Anapeza timabowo takale ndi chala.

Singano inalowa. Singano inatuluka. Agogo anakoka. Agogo anamanga.

Manja awo ankanjenjemera ndithu. Koma njira ankaidziwa. Amayi anakhala m'mphepete mwa bedi, mtima uli m'mwamba. Singano ikayandikira chala, ankatsinzina. Koma singanoyo sinabaye munthu.

Agogo anatenga kamulu kachiwiri. Anakaika pamwamba pa koyamba. Singano inalowa. Singano inatuluka. Agogo anakoka. Agogo anamanga. Pomanga mfundo, Kaliwiro ankatsindikiza ndi chala. Anasoka kachitatu. Anasoka kachinayi. Timilu tinayi tinasanduka chinthu chimodzi.

Vuto lachiwiri linali guluu. M'nyumbamo munalibe guluu. Amayi anagwira njakata. Koma Agogo analoza pakona. Pamenepo panali sitachi, ufa woumitsira makolala a malaya. Anauza Amayi kuti aphike kaphala kake, kolimba pang'ono. Anawauza ngati akuuza wophunzira ntchito. Amayi anamvera osawiringula.

Anang'amba kansalu ku pilo yakale. Agogo anapaka kaphala kumsana kwa buku. Anamatapo kansalu. Anabwezeretsa chikuto. Anasisita, anasisita, anasisitanso. Pomaliza anatenga simbi yositira, yozizira. Anaiika pamwamba pa buku. Anati munthu asalitsegule mpaka mkuja.

Mpaka mkuja! Kwa Kaliwiro, kudikira kunali kowawa kuposa jekeseni. Anazungulira tebulo kasanu. Anasuzumira pansi pa simbi. Koma sanagwire.

Lachinayi m'mawa Agogo anavala jekete. Anavala chipewa. Anayamba kulowera kukhomo. Kaliwiro anakonzeka kuthamanga. Koma Agogo anaona buku pansi pa simbi. Anaima. Anabwerera. Analigwira m'mbali kuti aone ngati lauma. Anati ntchito yosauma siisiyidwa yokha. Anakoka mpando n'kukhala pansi.

Kaliwiro anayang'ana Amayi. Amayi anayang'ana Kaliwiro. Tsiku limenelo Amayi anasita ndi simbi yobwereka.

Lachisanu m'mawa Agogo anachotsa simbi ija. Anatsegula buku pakati. Analitseka. Analipereka kwa Kaliwiro ndi manja awiri.

Kusukulu Aphunzitsi analandira bukulo. Analiyang'ana kutsogolo. Analiyang'ana kumbuyo. Anagwira chikuto n'kuligwedeza. Palibe chimene chinagwa. Analigwedezanso mwamphamvu. Tsamba lachisanu ndi chinayi linakana kutuluka.

Aphunzitsi anafunsa amene wachita zimenezi. Kaliwiro anafotokoza zonse. Anafotokoza mothamanga, mpaka Aphunzitsi anamuuza kuti apume kaye. Ananena za timilu. Ananena za kandulo ndi sitachi. Ananenanso za geti ndi za Loweruka. Pofika pa Loweruka mawu ake anachepa.

Aphunzitsi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anawerama pansi pa kabati. Anakoka katoni yafumbi. Munali mabuku okhaokha. Ena analibe chikuto. Ena anali othothoka masamba. Aphunzitsi anati akhala akuwasunga zaka zitatu. Kutaya ankamva chisoni. Kukonza sankadziwa.

Ataweruka, Aphunzitsi ananyamula katoni ija. Kaliwiro anawatsogolera. Ankathamanga n'kuima. Ankathamanganso n'kuimanso. Aphunzitsi anafika ali wefuwefu.

Anapatsa moni Amayi. Anapatsa moni Agogo. Anapempha mwaulemu ngati Agogo angawathandize. Agogo anatulutsa buku limodzi. Analitembenuza. Nkhope inasintha.

"Wamata selotepi apa ndani?" anafunsa Agogo.

"Ndine, bambo," anayankha Aphunzitsi motsitsa mawu.

"Usadzachitenso. Selotepi imadya pepala."

"Sindidzachitanso, bambo."

Kaliwiro anabisa nkhope kuseri kwa chitseko. Anali asanaonepo Aphunzitsi akudzudzulidwa. Anaseka mpaka m'mimba kuwawa.

Loweruka linafika. Kaliwiro anadzuka ndi mantha. Tiyi sanamukomere. Ankangosuzumira kumsewu.

Amalume anafika m'mawa ndi basi ya usiku. Anali ndi sutikesi yaikulu yopanda kanthu. Inali yoikamo zovala za Agogo. Anati abwerera ndi basi ya masana. Amayi anawalandira pakhonde. Anawauza zonse zimene zachitika. Anati masiku atatu tsopano Agogo sanagwire geti.

Amalume anakanda kumutu. Anati masiku atatu ndi ochepa. Anati ukalamba suchira ndi singano. Amayi anavomera kuti n'zoona. Agogo ankaiwalabe. M'mawa womwewo anali atafunsa kawiri kuti lero n'lachingati.

"Nanga mabukuwo akatha?" anafunsa Amalume.

Kaliwiro anali kuseri kwa chitseko. Sanathe kupirira. Anatulukira.

"Satha, Amalume. Buku limodzi limatenga masiku atatu. Katoni ndi yodzaza. Ndiponso ana a m'kalasi mwathu satopa kung'amba."

Amalume anaseka. Anaika sutikesi pansi. Analowa m'chipinda.

Agogo anali patebulo. Anali atavala jekete ndi chipewa. Patsogolo pawo panali timilu tisanu. Amalume anaima pakhomo. Anapereka moni. Agogo sanadzutse mutu. Singano inalowa. Singano inatuluka. Agogo anakoka.

"Iwe, usangoima pamenepo," anatero Agogo. "Gwira apa."

Amalume anali munthu wamkulu, wa ndevu ndi mimba. Koma anafulumira ngati kamwana. Anaika chala pa ulusi. Agogo anamanga mfundo. Amalume anayang'ana mfundoyo. Anayang'ana manja a bambo awo. Maso a Amalume analengeza misozi.

"Bambo," anatero Amalume, "ndinabwera kudzakutengani."

"Kupita kuti?"

"Kwathu. Mukapume."

Agogo analoza katoni ndi singano.

"Sindingachoke, mwanawe. Sukuiona ntchitoyi?"

Kaliwiro anagwira chovala cha Amayi.

"Ndaiona, Bambo," anatero Amalume.

Kenako anatembenukira kwa Amayi. Anati Agogo akhale. Anati iwo amangirira kabelu pageti, kuti likatseguka Amayi azimva. Anatinso azibwera mwezi uliwonse kudzathandiza. Amayi anangogwedeza mutu. Anakhala pabedi n'kupuma ngati atula mtolo wa zovala zonyowa.

Mtima wa Kaliwiro unakhala pansi. Anasangalala kwambiri. Anakumbatira Amalume. Anakumbatira Amayi. Anafuna kukumbatiranso Agogo. Koma Agogo anati asagwedeze tebulo. Ndiye anangowagwira paphewa pang'ono.

Amalume anavula jekete. Anakoka mpando. Anafunsa kuti agwire ntchito yanji. Agogo anawapatsa buku la selotepi kuti amatule bwinobwino. Amayi anapita kukaphika kaphala ka sitachi. Kaliwiro analowetsa ulusi wina m'diso la singano.

Masana basi inanyamuka. Amalume sanakwere. Agogo nawonso sanakwere. Onse anali patebulo, ndipo ntchito inali yambiri.